Dzungu Losawola la Kanjedza

Ana inu, munthu akakuuzani kuti akugulitsa dzungu losawola, yambani mwamufunsa chomwe iye sakulidyera. Ine ndakalambira m'misika, ndipo malonda okoma kwambiri ndimawaopa kuposa galu wachete.

Kalekale anthu ankatunga madzi m'mitsuko yadothi yokha. Ukapunthwa, ludzu. Masiku amenewo kunali mayi wamasiye, Nachuma, amene maungu ake ankawola chaka chilichonse njala isanafike. Tsiku lina pakhomo pake panaima Kanjedza, wogulitsa mchere, atafumbata njere zisanu.

"Mayi, izi ndi za dzungu losawola. Mundipatse nkhuku imodzi basi."

"Nkhuku ndili nayo imodzi yomweyo, bambo, ndipo ikuikira."

"Mazira amaswekatu, mayi. Dzungu langa lidzakuonani mukukalamba. Koma musathyole lanthete, mulisiye likhwime."

Kanjedza njerezo anangozitola kutchire, ndipo ankaziyesa zachabe. Ananyamula nkhuku uja nkumapita, akusekera m'mimba.

Nachuma anadzala. Chomera chinayanga mpaka padenga, maluwa oyera, zipatso zamakosi ataliatali. Ana ankapempha kuti alaweko, iye nkumati dikirani. Njala itafika anathyola chimodzi. Kugogoda: go, go, go! Kugwedeza: tsekeretseke! Atadula pakhosi anapeza njere ndi timaulusi touma.

Anzake a m'mudzi anabwera kudzaonerera.

"Anachuma, tipatseniko dzungu lanu lija tikaphike!"

Wina nkuseka: "Aphike chiyani? Si chopanda kanthu ichi? Nkhuku yagula chipanda!"

Dzina linamera pomwepo. Chaka chimenecho ana ake anapulumukira maganyu ndi zikhawo, mizu yokumba kutchire, ndipo zipatso zija Nachuma anazitaya kuseri kwa nyumba.

Mvula itagwa, Nachuma anaona kuti chodulidwa chija chadzaza madzi, osadontha. Anachinyamula, chopepuka. Chinamupulumuka nkugwa pansi, osasweka. Anakhala pansi nthawi yaitali akuchiyang'ana. Kenaka anatola zonse nkuzikolowola bwinobwino, osauza munthu chomwe akuganiza.

Chilimwe chotsatira Kanjedza anatulukiranso, milomo itang'ambika. Mtsuko wake unali utasweka panjira, ndipo kutsogolo kunali thengo la masiku awiri lopanda chitsime. Ankakoka mbuzi yaikazi ndi kamwana kake, phindu la ulendo wonse. Nachuma anamupatsa madzi ozizira a m'chipanda.

"Mayi, chiwiya ichi mwachipeza kuti?"

"Ndi dzungu lanu, bambo. Simunaname, silinawole."

"Ndigulitseni chimodzi. Ndikubwezerani nkhuku."

"Nkhuku inagula njere. Ichi n'chokhwima, monga munandilangizira. Mbuzi."

"Mbuzi? Pa chinthu chopanda kanthu m'kati?"

"Kupandako ndiko mukugula. Chikadakhala chodzaza, madzi mukadathira pati?"

Kanjedza anayang'ana dzuwa, anayang'ana thengo, nkumasula chingwe cha mbuzi ija. Kamwana kanatsatira make, poti kamwana ka mbuzi sikadziwa za malonda. Ali panjira anasuzumira m'chipanda kuti mwina apezamo njere yoti akadzale kwawo. Nachuma anali atachotsa zonse.

Ndi chifukwa chake lero chomera chija chikakhala chanthete timati mphonda nkuphika, koma chikauma timachitcha chipanda, dzina lachipongwe lomwe linasanduka laulemu. Nachuma analipira nkhuku imodzi ndi chaka cha njala. Kanjedza analipira mbuzi ziwiri pogula chinthu chimene anachitola yekha kutchire kwaulere.