Mzamba Amene Anasiya Kachasu

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, chipatala chisanamangidwe kutsidya kuja, munali mayi wina dzina lake Nambewe. Amenewo ndiwo anabala agogo anga aakazi. Mwakula tsopano, ndikhoza kukuuzani nkhani yawo yonse osabisako.

A Nambewe anali azamba. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu sankafunsana kuti tiitane yani. Ankangothamangira kwa iwo. Theka la mudzi uno linafikira m'manja mwawo.

Koma amuna awo, a Kamdambo, anapita kukagwira ntchito ku Halale, osabwerako. Chaka chinatha, china chinatha, kalata osabwera. Kenaka kunamveka mbiri yoti anakwatira konko. A Nambewe sanalire pagulu. Anayamba kumwa. Poyamba chipanda chimodzi cha masese, kenaka ziwiri, kenaka kachasu, m'mamawa asanasukusule n'komwe. Ankati akamwa mtima umaleka kuwasokosera. Kodi unkaleka? Unkangogona pang'ono, n'kudzuka ndi ukali woposa dzulo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Filesi, mwana wa mng'ono wawo Dolika, matenda anamuyamba. Inali mimba yake yoyamba. Dolika anathamanga, nawapeza atagona kuseri kwa nkhokwe.

"Achemwali, dzukani! Mwana wanu wadwala!"

Anadzuka, inde. Anayenda chodzandira mpaka kukalowa m'nyumbamo. Koma maso anali osaona bwino, ndipo posakhalitsa anatsamira khoma n'kugona. Amayi ena anayesetsa mmene akanathera. Mwana anabadwa, koma sanalire. Madzulo amayi okhaokha anakamuika kudambo.

Kutacha, Dolika anabwera nakhala pakhonde. Sanakalipe.

"Sindikunena kuti mwapha ndinu," anatero. "Mwina akanapitabe. Koma ife tinakuitanani, achemwali. Thupi lanu linabwera, inuyo simunabwere."

A Nambewe anatenga botolo n'kuliswa pamwala. Analumbira kuti basi, sadzamwanso. Mukuganiza kuti anakhala masiku angati? Anayi. Tsiku lachisanu anthu anawatola m'ngalande. Anapita kwa sing'anga, anamwa mizu yowawa, anasanza mpaka nthiti kuwawa. Sabata isanathe anali atabwerera. Analumbiranso, anagwanso. Analumbiranso, anagwanso.

Pomaliza anapita okha kwa Dolika, nati, "Mng'ono wanga, mphamvu zanga zatha."

"Ndiye tiyeni kwa Mwini mphamvu," anayankha Dolika.

Nthawi imeneyo tchalitchi chinali kanyumba kaudzu, mipando yake yadothi. Mlaliki wake anali a Yesaya Chikuse, bambo wachete wotsimphina mwendo. A Nambewe anaima pakhomo, osalowa.

"Abambo, ine sindidziwa kupemphera," anatero.

"Mukamamwa mumadandaula chiyani mumtimamo?" anafunsa a Chikuse. "Zomwezo muuzeni Mulungu. Sadabwa nazo."

Analowa, anagwada, nayankhula ngati akuyankhula ndi mnansi: "Mulungu, ndine Nambewe, mzamba uja. Ndinakwiya ndi mwamuna wanga, ndipo mkwiyowo ndauthira pa ana osalakwa. Sindilumbiranso, malumbiro anga mwawaona. Ndigwireni lero lokha. Za mawa ndidzabweranso mawa."

Ndipo mawa lake anabweradi. Mkuja anabweranso. Musaganize kuti zinali zophweka, ana inu. Thukuta linkatsika ngati ali ndi malungo. Manja ankanjenjemera mpaka kutaya phala. Njira yakuchitsime inkadutsa pakhomo pamene ankatcheza kachasu, ndiye iwo ankazungulira kumunda kwa eni, mtsuko uli pamutu, kuti fungo lisawapeze. Anzawo akale ankawakuwa kuti, "Amayi a Mulungu, bwerani mudzangolawa!" Iwo osacheuka, milomo ikungoyenda ndi pemphero.

Itatha miyezi itatu, anagwa. Kunali maliro, wina anawapatsa chipanda, iwo analandira. Kodi mukuti anabisala m'nyumba ndi manyazi? Ayi ndithu. Lamulungu m'mawa analowa m'tchalitchi fungo likadali m'kamwa, anaimirira pamaso pa anthu onse, nati, "Abale, dzulo ndagwa. Ndabwera kuti mundidzutse." Amayi awiri anadzakhala nawo mbali iyi ndi iyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankawasiya okha pamaliro kapena paukwati.

Chinawalemera kwambiri chinali kupita kwa Filesi. Anapita, anagwada pakhomo pa Filesi, amene nayenso anabadwira m'manja mwawo, napepesa. Filesi anangowayang'ana, n'kulowa m'nyumba. A Nambewe sanamukakamize. Anangomuika m'pemphero lawo la tsiku ndi tsiku.

Mtendere sunabwere ndi ng'oma. Iwo eni ankasimba kuti tsiku lina ali kupalira chimanga anaweramuka, n'kuona kuti dzuwa lafika pamutu asanaganizeko za mowa, kapena za a Kamdambo. Mumtima munali zii. Anaika khasu pansi, nalira misozi yomwe anaikaniza zaka zonse zija.

Zaka ziwiri zinatha wina osawaitana ku ntchito yawo. Sanadandaule. Ndiye Filesi anaimanso, ndipo tsiku lake litafika zinavuta, mwana anatsogoza miyendo. Amayi anasowa chochita. Filesi yemweyo anati, "Kaitaneni amayi aakulu."

"Omwe aja?" anafunsa mayi wina.

"Omwewo. Ndakhala ndikuwaona. Kaitaneni."

A Nambewe anafika, anasamba m'manja, anatseka maso pang'ono, nati, "Ambuye, gwirani pamodzi nane." Anagwira ntchito yawo modekha, akumulimbitsa mtima Filesi, mpaka mwana wamwamuna analira kuti mudzi wonse umve. Mwana ameneyo ndi a Gwirani, agogo awo a abale anu a kutsidya aja.

A Nambewe anakhala zaka zina makumi awiri, osalawanso. Koma mpaka imvi mbuu, munthu akawatama kuti anagonjetsa mowa, ankakana. Ankati, "Ine ndinangopeza wondigwira."

N'chifukwa chake pabanja pathu pano, wina mowa ukamugwira, sitimuseka, komanso sitimubisa. Timapita kwawo m'mawa, timakhala naye pansi, timamuuza zoona ngakhale ziwawe, kenaka timapemphera naye. Akagwa timapitanso. Wina akadzakuuzani kuti m'bale wanu watha, palibenso chake, mudzamuyankhe kuti inu ndinu zidzukulu za a Nambewe, ndipo mudzanyamuke kukamudzutsa.