Mkamwini Amene Anasenza Phanga

Kalekale, anthu akumwerabe m'zipanda, kunali mkamwini dzina lake Gwedeza. Mphamvu anali nazo, koma nzeru zinkamupeza mochedwa, ngati mlendo wosochera njira.

Chaka china chilimwe chinapsa. Dzuwa lake, eee! Apongozi ake aakazi anadwala, thupi lonse moto. Madzi a pachitsime ankangolavula.

Tsiku lina anayankhula ndi mwana wawo wamkazi ali kuseri kwa chitseko, paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso.

"Muuze mwamuna wakoyo, ndikufuna madzi ozizira, olasa mano. Akalephera masiku atatu, apinde mphasa yake azipita kwawo."

Gwedeza anamva zonsezo ali panja. Mkazi wake Nankhoma, woumba mbiya, iye ankamukonda kwabasi. Amusiye chifukwa cha madzi? Anatola chipanda, ulendo kuphiri.

Anakwera, anakwera, mpaka anafika pa miyala yosanjikizana ngati mphasa, ina itatulukira kunja ngati khonde. Pansi pake panali phanga. Atangosuzumira, kamphepo kanamuwomba, zii! Tsemwe thupi lonse. Mkatimo madzi akudontha kuchokera kudenga, tho, tho, tho.

Anamwa. "Mayo, mano anga! Ndawapeza! Ndawapeza!"

Mbira inasuzumira mumng'alu. "Ukukuwiranji pakhomo pa eni?"

"Pepani agogo. Kodi madzi awa atani, dziko lonse likupsa?"

"Kanda mwalawo," inatero Mbira.

Anakanda ndi chikhadabo, mchenga waa!

"Waona? Kale pano panali mchenga wa mtsinje. Unagona, wina n'kugona pamwamba, winanso pamwamba, mpaka unauma gwa. Dzinja mwalawu umamwa mvula. Chilimwe umadontheza pang'onopang'ono. Dzuwa muno sililowa. Komatu mvera, kuzizira kumeneku..."

Amve? Gwedeza anali atatunga kale, liwiro!

Anathamanga, anathamanga, dzuwa lili paliwombo. Apongozi analawa, n'kulavula.

"Awa ndi madzi osambitsira khanda. Latha tsiku limodzi."

M'mawa mwake Gwedeza anati, "Ndadziwa! Kuzizira kuli m'mwala." Anatenga nkhwangwa, nabwerera kuphanga, nagumula chimwala chaphanthi ngati chitseko.

Mbira inangogwira pakamwa. "Koma mkamwini iwe!"

Anasenza, uyo! Mchenga ukuyoyokera m'maso, m'makutu, m'kamwa. Pofika pamudzi anakuwa, "Bwerani muone! Ndabweretsa phanga!"

Anthu anathamanga. Mayi wina anagwira mwalawo, n'kudumpha. "Iii! Apa tingakazingepo mtedza!"

Mudzi wonse phwete! Kuseri kwa chitseko mawu anamveka, koma tsopano ofooka: "Atha awiri."

Gwedeza anakhala pansi, misozi mbwee. Chisoni chinamugwira, manyazinso. Nankhoma anabwera ndi mtsuko wake.

"Abambo, tagwirani apa."

Anagwira. Mtsuko unali wonyowa kunja, wozizirira.

"Mtsuko umatuluka thukuta, mphepo n'kupita nalo, madzi n'kuzizira. Muuike padzuwa wopanda madzi, ndi phale basi. Phanga lanulo ndi mtsuko waukulu. Inu mwabweretsa phale."

"Nanga nditani? Phiri sindingalisenze."

"Ndani wanena phiri? Amayi ndi opepuka."

"Ine? Kubereka apongozi? Nanga maso?"

Nankhoma anaseka. "Kodi kumsana muli ndi maso?"

Hee! Nzeru zinamupeza. Kutacha, Gwedeza analowa m'nyumba chafutambuyo, nagwada. Nankhoma anawakweza amayi ake kumsana, namanga ndi nsalu. Ulendo! Anthu m'njira nthungululu, ena akugwa ndi kuseka. Gwedeza maso kutsogolo, osacheuka.

Anakwera, anakwera. Pakati pa phiri apongozi anangoti zii, mutu pendeke. Mantha anamugwira.

"Amayi, muli moyo?"

Chete.

Anathamanga! Mwala uwu, mwala uwo, khonde ili, khonde ilo, mpaka m'phanga. Nankhoma anatchera chikho. Tho, tho, tho. Anawathira pamilomo, pamphumi, pachifuwa.

Anadikira. Mbira nayonso inadikira.

Kenaka gogodo, ameza! Anamwa chikho chonse. Anatsegula maso, nagwira tsaya.

"Mayo, dzino langa!"

Pajatu linatsala limodzi lokha, koma linalasidwa ndithu! Nankhoma nthungululu, Gwedeza kuvina atayang'ana kukhoma.

"Mphasa yake aisiye pomwe ili," anatero apongozi. "Koma pobwerera ayende pang'onopang'ono. Ndi msana wabwino umenewu, chaka chamawa ndidzaufunanso."

Ndipo anawaberekadi, chilimwe ndi chilimwe, zaka khumi ndi ziwiri! Chimwala chija sichinatayidwe. Anapeza kuti chimanola makasu, mudzi wonse unkanolera pomwepo.

Mwamva inu othamanga mawu asanathe? Zabwino zina sizinyamulika, zili ndi pake pokhala. Ukazifuna, umapita ndiwe.

Ine pakhosi pauma, tandipatsani madzi. Yanga nthano yathera pamwala pomwepo.