Maliro Amene Mwatitha Sanauzidwe

Kale kwambiri, msewu uwu usanalambulidwe, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, dzina lake Mwatitha. Mayi ameneyu sankamva. Anadwala malungo aakulu akadali wakhanda, malungo aja pochoka anatenga makutu. Khasu ankalidziwa kuposa amuna ena amene tikuwaona masiku ano, koma anthu ankangoti Gonthi. Gonthi wadutsa. Gonthi watunga madzi.

Wocheza naye anali mmodzi yekha, mng'ono wake Sigele. Awiriwa ankalankhulana ndi manja. Kugwira chibwano, ndiye kuti akunena atsibweni awo a Kamtedza, a ndevu aja. Kutupitsa masaya, ndiye alamu awo a Nazimbiri, amene pakamwa pawo sipankapuma. Ankaseka mpaka madzi kutayika mumtsuko. Kenako Sigele anakwatiwa, mwamuna anamutenga chitengwa kupita naye kutsidya kwa mtsinje, ndipo m'mudzi monse simunatsale wodziwa manja aja.

Kodi ankamumana chakudya? Ayi. Ankamumenya? Ayi ndithu. Ankangomuiwala. Kukakhala mowa, iye ankadziwira masese otayidwa kuseri. Kukakhala chinamwali, ankadziwira fumbi. Mwatitha anazolowera kuona misana ya anthu akupita kwinakwake popanda iye. Nyengo yopalira ikafika ankangogona kumsasa wa kumunda kwake, m'mbali mwa njira yotsikira kumtsinje.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mthenga kuchokera kutsidya. Sigele anali atamwalira pobereka. Mukudziwa mmene uthenga wa zovuta unkayendera kale: wina akuwa pakati pa mudzi, amayi alandira kulira, nyumba iyi, nyumba iyo, mpaka onse amva. Onse, amene ali ndi makutu.

Anthu anatsika njira ija pamzere, akulira. Mwatitha anaweramuka, anawaona chapatali. Nanga kulira kumaoneka patali? Iye anangoti kutsidya kuli mowa. Anakweza khasu m'mwamba kuwapatsa moni, akumwetulira, kenako anawerama n'kupitiriza kupalira.

"Taonani, a Kamtedza!" anatero mayi wina. "Mng'ono wake ali gone, iye ali pakhasu, mano panja!"

"Musiyeni," a Kamtedza anayankha. "Mtima wake unagontha limodzi ndi makutu."

Palibe anapatuka. Njira apa, munda apa, koma aliyense ankati wina wamuuza kale.

Anaika maliro, anagona pasiwa, anameta monga mwa mwambo, anabwerako. Mwatitha nayenso anatsiriza kupalira, analowa m'mudzi atasenza dengu la nkhwani. Anakumana ndi atsibweni ake: mpala. Mlongo wake: mpala. Azakhali ake: mpala. Anatula dengu pansi. Mpala wa banja lonse ankaudziwa tanthauzo lake. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kusuzumira, kufuna amene wasowa. Uyu alipo. Uyu alipo. Ngakhale nkhalamba yodwaladwala ya kumapeto ija inalipo, ikuothera dzuwa. Onse alipo. Nanga wafa ndani?

Anathamangira kwa a Kamtedza, anaika chala pamano ake akutsogolo. Ankafunsa za Sigele, poti Sigele anali ndi mpata m'mano. A Kamtedza anangomuyang'ana. Mwatitha anabwereza. Anapita kwa mlongo wake, anabwereza. Kwa azakhali, anabwereza.

"Dzino likumuwawa kapena?" anatero azakhali.

A Nazimbiri anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Ndi mpata wa mano uwo. Akufunsa Sigele. Munthuyu sakudziwa!"

A Nazimbiri anagwada patsogolo pa Mwatitha, analoza kutsidya, anatapa dothi m'manja n'kulithira pansi pang'onopang'ono. Kulira kumene Mwatitha analira pamenepo, mwini wake sanakumve. Mudzi wonse unakumva.

Atatopa kulira analowa m'nyumba, anatuluka ndi lumo. Anagwada pamaso pa atsibweni ake, analiika m'manja mwawo, anaweramitsa mutu. Sankapempha zambiri. Ankangofuna kuti nayenso aoneke kuti waferedwa.

A Kamtedza analiika lumo pansi. "Wolima tsiku la maliro sitimumeta. Akhale ndi tsitsi lakelo, aliyense azimuona."

"Atsibweni, ndifunseko," anatero a Nazimbiri. "Anamuuza ndani?"

"Si azakhali akewa?"

"Ine?" azakhali anadzuka. "Mwini mbumba si inu?"

"Nanga tonse sitinalire mokweza?"

"Mokweza!" a Nazimbiri anaomba m'manja. "Mumalirira makutu ati? Ndevu zonsezi, atsibweni, nzeru zinathera m'menemo? Tinadutsa pamphuno pake tonsefe, ine ndemwe, iye akutipatsa moni."

Mwatitha anali chigwadire, mutu pansi, osadziwa ngati akumukana kapena akumuvomera. Anadikira, anadikira. Kenako anamva dzanja likumunyowetsa mutu ndi madzi. A Kamtedza anali atatola lumo lija.

Anamumeta yekha, popanda womulirira, anzake tsitsi litayamba kale kumera. M'mawa mwake Mwatitha anawoloka mtsinje. Mwamuna wa Sigele anamuperekeza kumanda, anamulozera mtumbira, anaima patali. Mvula inali itameretsapo kale udzu. Mwatitha anakhala pansi, anatambasula miyendo, anayamba kulankhula ndi manja. Analankhula, analankhula, dzuwa mpaka kufika pamutu. Zimene ananena, palibe wamoyo akanazimva.

Pobwerera anali atabereka khanda la Sigele kumsana, chifukwa khandalo linapulumuka, kamtsikana. Anakalera yekha, ndi phala ndi mkaka wa mbuzi. Tonsefe tinachokera mwa kamtsikana kameneko.

Ndicho chifukwa chake m'banja mwathu uthenga sitikuwira pabwalo n'kumati tamaliza. Kaya ndi maliro, kaya ndi ukwati, kaya ndi mowa chabe, khomo loyamba kufikapo ndi la wosamva, la wosaona, la amene miyendo siimufikitsa pabwalo. Ufike ndi mapazi ako. Umugwire dzanja. Usachoke mpaka utaona kuti uthenga walowa, ndipo ngati akufuna kupita nawo, umudikire muyende limodzi.

Tsono mawa kuli msonkhano wa mjigo. A Lemani osaona aja, akawauza ndani mwa inu? Musayang'anane. Ndikufunsa iwe.