Bafa la Nankhoma

Panali munthu wina m'tauni muno, dzina lake Gwaza, amene ankasambitsa yekha mkazi wake.

Mkaziyo anali Nankhoma. Anakwatirana ali achinyamata, anabereka ana, anawo anakula n'kumwazikana ndi mabanja awo, m'nyumba n'kutsala awiriwo. Tsiku lina Nankhoma akusesa pabwalo anangoti khu, kugwa. Anatsitsimukira kuchipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapindika. Madokotala anati ndi sitiroko. Mawu ankatuluka ndithu, koma amodziamodzi, movutikira.

Gwaza sanali munthu wolongolola. Anangoyamba kuphunzira ntchito zimene sanaziganizirepo chibadwire: kuphika phala, kutembenuza wodwala, kuchapa zofunda, kusambitsa. Amuna anzake ankamuseka kumbali, ati anamudyetsa khuzumule. Iye analibe nazo ntchito.

Chimene chinkamudya mumtima chinali bafa. Bafalo linali panja, kuseri kwa nyumba, ndipo kuti ukafikeko unkadutsa pafupi ndi mpopi umene ankatungapo anthu a nyumba zoyandikana. M'mawa uliwonse Gwaza ankabereka mkazi wake kumbuyo n'kudutsa pamenepo. Amayi otsuka mbale ankayang'ana kumbali mwaulemu, koma Nankhoma ankadziwa kuti amuona. Mayi amene kale ankayambitsa nyimbo kumvano tsopano ankabisa nkhope paphewa la mwamuna wake, ndipo Gwaza ankamva malaya ake akunyowa ndi misozi.

Kenaka kunabwera a Kalinde kuchokera kumudzi. Amenewa anali mlongo wake wa Nankhoma, mwini mbumba. Anagona masiku angapo, akungoona. Tsiku lobwerera anaitanira Gwaza pakhonde.

"Alamu, mwayesetsa, ndipo Mulungu akuona. Koma izi zokha ayi. Mlongo wanga azinyamulidwa ngati thumba pamaso pa anthu? Nanga mvula ikayamba, muziterereka naye m'matopemu? Kumudzi kuli azing'ono ake, akamusamalira. Ndibweranso tikatha kubzala. Ndikadzapeza zidakali chonchi, ndidzamutenga."

Gwaza anawaperekeza mpaka pamsewu. Akanawaletsa bwanji? Mukudziwa inu mmene zimakhalira kwathu kuno. Mkazi umakhala naye zaka zonsezo, koma akadwala, mawu otsiriza amachokera kwawo. Ndipo Gwaza ankaopa chinthu chimodzi chokha padziko lapansi: kudzuka m'mawa n'kupeza Nankhoma mulibe m'nyumbamo.

Choncho anaganiza zomanga bafa m'kati mwa nyumba. Pafupi ndi chipinda chawo chogona panali kachipinda kosungiramo chimanga ndi makasu. Anati agumule khoma lapakatipo, patseguke poti njinga ya wodwala izidutsa, alowetse mpopi, aike shawa ndi chimbudzi chamadzi. Nankhoma azingochoka pabedi n'kulowa m'bafa, popanda diso la munthu.

Tisamunamizire, poyamba anachita bwino. Anapita kukhonsolo kukapempha chilolezo, ndipo anamutumizira woyendera zomangamanga, mayi wina wamtali, wofatsa. Mayiyo anapereka moni kwa wodwala, anazungulira nyumba yonse, anakwera pampando n'kusuzumira kudenga. Kenaka anapeza pamene pulasitala inasuluka, anakanda pakati pa njerwa ndi msomali, n'kufikisa zimene zinatulukazo ndi zala.

"Bambo, khoma ili musalikhudze," anatero. "Mitanda yonse ya denga yakhala pamenepa. Chinanso, njerwa za nyumba ino anazimanga ndi dothi. Simenti ili pamwamba pokha. Mukalowetsa madzi muno, dothilo lizimwa tsiku ndi tsiku mpaka lidzafewa. Bafa mumange kunja, mogundiza chipinda chogonachi, pa maziko akeake, ndi simenti. Khomo mudzaboola pawindopo. Kajambulitseni pulani mubweretse, ine ndikakulankhulirani kuti asakuchedwetseni."

"Zitha liti zimenezo?" anafunsa Gwaza.

"Sindikunamizani. Mvula ikupezani musanamalize."

Gwaza magazi anamuwira. "Mayi, kodi munasambitsapo munthu wodwala inu?"

"Ndinasambitsa amayi anga mpaka tsiku lawo lomaliza," anayankha mayiyo. "N'chifukwa chake ndikukuuzani zimenezi."

Abale anga, mayi uja analankhula zambiri, ndipo zonse zinali zomuthandiza. Anamuonetsa poti amange. Anamulonjeza kumulankhulira. Koma m'makutu mwa Gwaza munangolowa liwu limodzi lokha, lakuti ayi.

Alangizi sanasowe, paja sasowa. "Aa, a khonsolo! Ntchito yawo n'kuvutitsa anthu basi. Nyumba ndi yanu, m'kati mwa nyumba akasuzumiramo ndani? Uje anagumula, ujeni anagumula, nyumba zawo zagwa?" Amene ankalankhula choncho sanakwerepo pampando kuti aone denga la Gwaza. Koma mawu awo anali okoma, ndipo Gwaza anawalandira ndi manja awiri.

Panali munthu mmodzi yekha amene anatsutsa. Nankhoma anamva zonse ali gone pabedi. Mwamuna wake akumumwetsa phala, anagwira mkono wake ndi dzanja lamoyo lija.

"Bambo… dikirani."

"Ndidikire kuti adzakutengeni?"

"Achimwene… auzeni. Amva."

Ndipo mwina akanamvadi. A Kalinde sanali chilombo. Akanapeza maziko atakumbidwa, njerwa zitaunjikidwa, chilolezo chili m'njira, akanati, chabwino alamu, tidikira. Koma kuti zitero, Gwaza anafunika kupita kwa mlamu wake n'kunena kuti, sindinakwanitse, ndipatseni nthawi. Zimenezo zinamukanika. Anapukuta mkazi wake pakamwa n'kunena kuti, "Inu musadandaule, zonsezi ndikuchitira inu."

M'mawa mwake anatulutsira Nankhoma pabalaza, anabwereka hamala yaikulu, n'kumenya khoma lija ndi manja ake.

Silinavute n'komwe. Njerwa zinkangosoloka, ndipo iye anakondwa kuti ntchito ikuyenda msanga. Anapeza mmisiri wa mtundu uja wosafunsa mafunso. Analowetsa mapaipi, anamata matailosi oyera pamakoma otsalawo, anaika chogwirira m'mbali. Mvula yoyamba isanagwe, bafa linali litatha.

A Kalinde atabwera anaima pakhomo la bafalo kukamwa kuli yasa. Anatsegula mpopi, anatseka, anatsegulanso. "Alamu, ndinu mwamuna," anatero. Anagona tsiku limodzi n'kubwerera kumudzi okha.

Ndinene zoona, masabata otsatirawo anali okoma, ndipo zimenezi n'zimene zimandipweteka ndikamaikumbukira nkhaniyi. Nankhoma ankasamba atakhala pampando wa pulasitiki, chitseko chili chotseka, madzi ofunda akutsika pamsana. Anasiya kulira. Tsiku lina Gwaza akumutsuka kumapazi anamva akung'ung'udza nyimbo ya kumvano, mawu osamveka bwino koma nyimbo yake yomweyo. Gwaza anaweramitsa mutu kuti mkazi wake asaone kuti iyenso maso adzaza.

Kenaka chitseko cha kuchipinda chinayamba kulimba potseka. Gwaza anachipala. M'munsi mwa khoma la bafa, mbali yakunja, penti inatupa n'kuyamba kusuluka. Anaikanda n'kupaka ina. Pamwamba, pamene panali khoma logumulidwa lija, panatuluka mng'alu woonda ngati ulusi. Anaumata ndi simenti. Unatulukanso, wokulirapo. Anaumatanso.

Musaganize kuti sankadziwa. Ankadziwa! Akamasambitsa mkazi wake maso ankathawira kudenga. Kukhonsolo sikunali kutali, ndipo mayi uja akanabwera, mwina akanamuuza kuti achirikize denga ndi mitengo zinthu zisanafike poipa. Koma kumuitana kunali kuvomera kuti anagumula chimene anamuletsa. Choncho anapitiriza kumata ndi kupaka, nyumba n'kumaoneka yokongola kuposa kale.

Mu February mvula inagwa yosalekeza, ya mvumbi ija yonyowetsa mpaka mchere m'botolo. Kunja madzi, m'kati madzi. Tsiku lina masana, Nankhoma ali pampando wake thupi lonse sopo, tailosi imodzi inangoti phwa pansi. Inatsatira ina. Kudenga kunamveka kulira kwa matabwa, fumbi n'kuyamba kuwaza m'madzi.

Gwaza sanaganize kawiri. Anamunyamula mkazi wake mmene analirimo n'kuthamanga naye. Atangoponda pakhonde, kumbuyo kwake kunamveka chiphokoso. Khoma la bafa linakhala pansi, denga n'kulitsatira, kugwera pabedi pomwe ndi pampando uja.

Palibe anafa, tithokoze Mulungu. Koma Gwaza anaima pabwalo mvula ikumukhuthukira, atanyamula mkazi wake wosavala, anthu akutuluka m'nyumba zonse kudzaona chimene chagwa. Amayi anathamanga n'kuvula zitenje zawo zapamwamba kumufunditsa. Nankhoma sanalire. Anangotseka maso.

Mayi wa kukhonsolo uja anabwera m'mawa mwake. Anayang'ana njerwa zili mbwee, dothi lake litasanduka phala. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti, "Amayi ali bwanji?" Atamva kuti ali moyo anapuma mozama, kenaka anati, "Pepani bambo. Muno musagonenso munthu. Makoma otsalawa nawonso amwa."

A Kalinde atafika nawonso sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo, anakalowa kwa aneba kumene kunagona mlongo wawo, anatuluka n'kunena kuti, "Alamu, galimoto ili pamsewu. Tiyeni timunyamule."

Gwaza anakwera nawo. Akanatsalira chiyani? Anakafika kumudzi kwa mkazi wake ali nkhalamba ya imvi, n'kukhalanso mkamwini ngati mnyamata wongokwatira kumene. Nankhoma anamugoneka m'nyumba ya mng'ono wake, kuti amayi azimuyang'anira. Gwaza anapatsidwa kanyumba kena chapatali, ka mwana wa a Kalinde amene anapita ku Joni.

Kutacha anadzuka monga mwa masiku onse. Anatereka madzi, anawayesa ndi chigongono, ananyamula ndowa kulowera ku bafa la udzu. Mng'ono wake wa Nankhoma anamutsekera njira n'kumulanda ndowayo, mwaulemu ndithu.

"Alamu, kuno zimenezi si za amuna. Anthu angatiseke kuti mbumba yonseyi yalephera. Kakhaleni apo, tikuitanani akatha."

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi awiri anamunyamula Nankhoma, wina kumutu wina kumiyendo, n'kulowa naye kuseri kwa udzu. Anali amayi abwino, omukonda mkulu wawo, koma sankalidziwa thupi lake. Sankadziwa kuti phewa la dzanja lakufalo limapweteka ukalikoka. Gwaza anamva mkazi wake akubuula. Anaimirira n'kukuwa kuti, "Mugwire m'munsi mwa chigongono! Musakoke!" Kuseriko kunamveka kuseka, wina n'kuti, "Tamvani alamu, akutiphunzitsa kusambitsa."

Kenaka anamva liwu lija lovutikira, likuitana kamodzi kokha. "Bambo…"

Anayenda pang'ono, n'kuima. Amuna a pamudzipo anali pakhonde, onse akumuyang'ana. Anabwerera n'kukhala pansi. Ndipo ankakhala pamenepo m'mawa uliwonse, akumvetsera, mpaka Nankhoma anamwalira chaka chisanathe.

Inu amene mukundimvera, musachoke pano mukuti Gwaza anali chitsiru. Pa nkhani ya kukonda mkazi, ambiri a ife sitingafike pamene anafika iye. Koma chikondi chakecho anachisandutsa chifukwa chosamverera munthu. Woyendera analankhula, iye anati sakudziwa mavuto anga. Mkazi wake weniweniyo analankhula, iye anati ndikuchitira inu.

Mukafuna kugumula khoma, kaya la nyumba, kaya la china chilichonse chimene anthu ena akukhalamo, lolani wina akwere pampando aone chimene khomalo lanyamula. Akakuuzani kuti ayi, musatseke makutu, mverani mpaka amalize, chifukwa kawirikawiri amakhala akukuuzaninso poti mumange. Ndipo amene mukuti mukumuchitirayo akakugwirani mkono n'kunena kuti dikirani, ikani hamala pansi. Denga likamagwa, iyeyo ndi amene amakhala ali pansi pake.