Duwa la pa Mgwalangwa

Kalekale, kumapiri kutali ndi nyanja yamchere, kunali mlimi dzina lake Dzimbiri. Munthuyu khasu linkamumvera. Akafesa mapira, nkhokwe zinkadzaza tho. Akabzala maungu, ana ankakhalira ngati mipando. Akazika chinangwa, pozula pankafunika amuna awiri. Tsono pakamwa napo sipankapuma: "Ine chilichonse ndikachiika m'dothi chimamera, ngakhale mpini!"

Chaka china anasenza mapira kupita kunyanja kukasinthitsa ndi mchere. Kumeneko anaona mkazi wophika mchere dzina lake Mwanasha, za mcherezo n'kuiwalika. Anafunsira, analoledwa. Koma za chikamwini, zokakhala kwawo kwa mkazi, sanafune n'kumva komwe.

"Ine mlimi ndikhale pamchenga? Ndipatseni chitengwa, ndipite naye kwathu."

Atsibweni a Mwanasha anamutengera Dzimbiri pa mgwalangwa wa kuseri kwa nyumba. Pamwamba pa thunthu lake panali duwa lachikasu, la mawangamawanga ngati kambuku. Pansi silinkakhudza. Mizu yake yoyera inaloza kumwamba, ikuwakha zinyalala ndi nkhungu ya m'nyanja.

"Kuno mwana wamkazi akabadwa timamumangirira duwa lotere pamtengo," anatero atsibweniwo. "Ili ndi la Mwanasha. Tengani onse awiri. Koma duwali likakafa, mbumba yanga ibwerere."

Dzimbiri anaseka chikhakhali. "Atsibweni, duwali ndiye lazunzika! Taonani mizu yasochera, ikufunafuna dothi kumwamba. Kwathu likanenepa."

Atafika kwawo anasankha dothi lakuda la kudimba. Anakumba dzenje, anatembenuza mizu ija, anakwirira n'kupondapo.

Mwanasha anati, "Bambo, kodi kwathu munaliona lili pansi?"

"Mayi, inu mumadziwa mchere. Mbewu ndisiyireni."

Masamba anayamba kufota. Dzimbiri anathira ndowe za ng'ombe.

"Bambo, kodi pamtengo paja ng'ombe zinkafikapo?"

"Likuzolowera, mayi, likuzolowera."

Mapesi anayamba kufewa. Dzimbiri anathirira m'mawa, anathirira masana, anathirira madzulo. Anamanganso mpanda kuti mphepo isaliombe.  Ulendo uno Mwanasha anangotsuka mphika wake wophikira mchere, n'kuyamba kumanga kamtolo.

Apo mantha anamugwira Dzimbiri, pakuti mkaziyo ankamukonda zedi. Anathamangira kudimba, anafukula ndi manja. Mizu yonse inali itaola, ikununkha. Phesi limodzi lokha ndilo linali likadali lobiriwira. Mlimi wamkulu uja anakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

"Mkazi wanga, pepani. Ndiuzeni, duwali limadya chiyani?"

"Mwafunsa lero?" anatero Mwanasha. "Limadya mphepo ya kunyanja. Mukanalimangirira pamtengo tsiku loyamba, mwina likanapirira. Pano lafooka, mphepo youma ya kuno ilitsiriza. Likafa mawa kaya mkuja, ine wa panjira."

Dzimbiri anayang'ana nkhokwe zake. Anayang'ana munda wake. Anayang'ana mkazi wake. Kenaka anakulunga phesi lija m'masamba a nthochi, anasenza kamtolo ka Mwanasha, n'kutsogola iyeyo.

Achibale anamukuwa. "Achimwene, mukupita kuti? Mindayi mwasiyira yani?"

"Limani inuyo! Munda sunayambe wandifunsapo kuti ndadzuka bwanji."

Anayenda, anayenda, anayenda, mpaka anamva fungo la mchere. Dzimbiri sanapume n'komwe. Anakwera mgwalangwa uja movutikira, pakuti munthu wa khasu kukwera si kwake. Anamangirira phesilo ndi luzi, n'kulisiya osalithira kanthu. Manja ankamuyabwa, koma anawapinda.

Nkhungu inabwera, mvula inagwa, ndipo timizu toyera tinatuluka, tonse toloza kumwamba.

Atsibweni anamwetulira. "Duwa lili moyo, mkazi ndi wanu. Tsono mulitenganso liti?"

Dzimbiri anavula chipewa. "Atsibweni, ingondilozerani pomanga nyumba."

Basi, munthu amene anakana chikamwini anakhala mkamwini wodzipempha yekha. Anakalambira pamchenga pomwepo, akutungira mkazi wake madzi a mchere, ndipo sanadandaule tsiku ndi limodzi lomwe.

Mwamva, anthu inu? Chimene wachikonda uyambe wachifunsa mmene chimakhalira, usanachisamale mwa nzeru zako. Akulu anati safunsa anadya phula. Dzimbiri anatsala pang'ono kudya ndi mng'oma womwe.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata pamoto akaphule, ingapserere.