Miyendo ya Nyenje

Kalekale, ana inu, pamudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, mbalame zoimba zinayamba kutha. Anyamata ankazitchera ulimbo mpaka kunja kunkacha kuli zii. Anthu atakhala pansi anagwirizana kuti ulimbo usadzakhudzenso nthenga ya mbalame.

Komatu ulimbowo unali wophikaphika kale. Akanautaya? Anyamata aja anaupaka kunsonga kwa bango n'kutembenukira kwa nyenje.

Panali Nyenje wina wokhala mumtengo wa msuku. Ana ake anali asanatuluke, akadagona m'nthaka pansi pa mtengowo. Tsiku lililonse ankaona bango likukwera, mbale wake n'kutsika nalo. Likwerenso, wina n'kutsika nalo. Mtima unamupweteka, poganiza kuti anyamatawo akazolowera mtengo umenewo, ana ake adzatulukira m'chiwaya.

Anapita kwa Pumbwa, yemwe ankalankhulira mbalame zonse, n'kupempha kuti naye awerengedwe ngati mbalame. Mapiko anali nawo, kuimba ndiye osanena.

Pumbwa anamumvera chisoni, koma anamuuza kuti atambasule miyendo. Anawerenga, n'kuwerenganso, mwina n'kuchepako. Inali isanu ndi umodzi ndithu, osati iwiri ngati ya mbalame. Nthenga panalibe, mlomo wojompha panalibe.

"Achimwene, ndinu kachilombo," anatero Pumbwa motsitsa mawu. "Sindikubisirani, inenso njala ikandivuta ndimadya abale anu."

Komabe Pumbwa anauluka kukatera patsindwi n'kupempha anthu kuti alekenso nyenje. Anthu anaseka, amvekere nyenje ndi zosatha, zadzaza tchire lonse.

"Za ifenso munkatero," anayankha Pumbwa. Koma anthu anangoti mbalameyi ikuimba bwino lero.

Nyenje atamva, anadziwa kuti womuteteza palibe. Akanatha kungokhala chete, pakuti nyenje imagwidwa chifukwa cha mawu ake. Iye ayi. Dzuwa litafika paliwombo anachoka pamsuku paja n'kuyamba kulira mumtengo wapatsogolo. Anyamata anamutsatira. Anauluka, nalira patsogolo pena. Anamutsatirabe. Anawakoka choncho mpaka kutsidya kwa dambo, kumene njira yobwerera kumsuku inawasokonekera.

Kumeneko mapiko anatopa, bango linamupeza akuimbabe.

Chilimwe chotsatira ana ake anatuluka pamalo pabata. Anafunsa za bambo awo, ndipo Pumbwa anawauza zonse akugwetsa misozi.

Nthano yanga yagonera pomwepa. Musamadikire kuti chinthu chichepe kuti muyambe kuchimvera chisoni.