Chithunzi cha Najere ndi Mpando Umodzi wa M'basi

Kalekale, osati kale la nyanda ayi, koma kale lija mafoni ojambula atangofika kumene m'misika ya m'mbali mwa msewu, ku Lizulu kunali mayi wogulitsa tomato dzina lake Najere. Nkhaniyi ambiri amaikamba mopotoza. Imvani kwa ine, poti mutu wangawu sutaya kanthu.

Najere ankagulitsa usiku, kudikira mabasi odutsa. Mwana wake wa ku Joni atamutumizira foni, matenda odzijambula anamugwira. Ndiye bungwe lina linalengeza mpikisano pawailesi: udzijambule wekha uli pantchito yako, utumize chithunzi chimodzi. Najere anajambula makumi awiri. Pena pankaoneka mano okha, pena mdima wokhawokha, pena mitu iwiri. Mutu unamuima. Nkhope yake ankaidziwa, nanga uyu anali yani? Anakaonetsa anzake atatu.

Woyamba anali mlamu wake, Nasoko, wogulitsa kabichi. "Mlamu, nkhope ilibe mlandu, vuto ndi dzanja. Likunjenjemera ngati mwaba nkhuku." Anatenga njerwa ziwiri, naimika foni pakati, namuonetsa potchera kuti idikire masekondi khumi isanajambule. "Mukatero thamangani, mukhale bwino, mumwetulire." Mitu iwiri ija inatha.

Wachiwiri anali Abiti Ndala, wokazinga tchipisi, mayi wa pakamwa posasefa. Anangoyang'ana kamodzi n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Iwe, uwu ndi mzukwa! Ukatumiza ichi, akakuitanira abusa. Zimitsa chiwaliwali cha fonicho, uike koloboyi pambali, aunike tsaya limodzi. Ndipo tseka manowo, sukutsatsa mankhwala otsukira m'kamwa." Najere anakwiya, masiku awiri osamupatsa moni. Koma tsiku lachitatu anayesa, ndipo khungu lake linatuluka lofiirira bwino ngati chigumu chongophula.

Tsono apa mpamene anabalalika. Uyu akuti mwetulira, uyo akuti tseka pakamwa. Ankati akatchera foni, m'masekondi khumi aja milomo imangotseguka n'kutsekeka ngati ya chule. Ulendo wina ali chikhalire choncho, basi inatulukira. Anaiwala zonse, nanyamula beseni n'kutembenuka kuti athamange. Foni inajambula.

Wachitatu anali Gadabu, mlonda wa sitolo ya pafupi, amene za zithunzi sankazidziwa koma kutumiza ankatha. Anaziona zonse, nafika pa cha beseni chija: duku litapendekeka, theka la nkhope lili mumdima, nyali za basi zitajambula mizere kumbuyo.

"Amayi, inu ndi awa. Enawa sindikuwadziwa."

"Mwayamba kuwodzera pantchito, achimwene? Icho n'chotaya. Tumizani ichi ndavala chitenje chatsopanochi."

Gadabu anadina. M'mawa mwake Najere anapeza kuti chapita ndi cha beseni. Anamulalatira msika wonse ukumva. Gadabu anagwada: "Pepani amayi, zala zangazi n'zazikulu. Ndinaphonya."

Patapita mwezi kunabwera uthenga: Najere wapambana. Apite ku Lilongwe akalandire kamera, ndipo atenge munthu mmodzi yekha, amene anamuthandiza koposa, dzina lake likalembedwe pansi pa chithunzi. Najere anachiyang'ananso chithunzicho, nachitembenuza uku ndi uku. Chimene oweruza a mpikisano anaonapo, iye sanachione.

Atatu aja anafika asanaitanidwe.

Nasoko anati, "Popanda njerwa zanga, foni ikanakhala m'manja mwanu. Beseni mukananyamula ndi mano? Komanso mukumbuke, mlamu, timadyera khomo limodzi."

Abiti Ndala anati, "Njerwa aliyense angatole. Kuwala kwa pa tsayalo n'kwa yani? Ndikanakunyengerera ngati enawa, bwenzi lero ukadali mzukwa."

Gadabu anakhosomola. "Zabwinozo zinalipo zambiri, koma chapambana n'chimene ndinasankha ine. Ndinatumiza dala."

Najere anati, "Dala? Si paja munagwada kuti munaphonya?"

"Ndinkaopa beseni, amayi. Linali pafupi."

Najere anakhala pa thumba la mbatata. Akasiya Nasoko, kunyumba moto. Akasiya Abiti Ndala, pamsika sadzapumanso. Akasiya Gadabu, wasiya mwini chisankho, ngati chinalidi chisankho, pakuti mpaka lero palibe akudziwa ngati linali diso kapena chala. Atafunsa ngati mpando ungakhale wa atatu, a bungwe anayankha kuti ndi umodzi basi, ndipo dzina likufunika pofika Lachisanu.

Ine yankho ndili nalo, koma sindiphikira anthu n'kuwatafuniranso. Tandiuzani inu: akwere basi ndi Najere ndani, amene anaimika foni, amene anamunyoza mpaka kuwala kunakhala bwino, kapena amene anatumiza chithunzi chokanidwa?